Mwala Umene Mayi Teleza Anausiya pa Chambe

Pa komboni yathu, kuseri kwa fakitale ya tiyi, palibe amene anawaonapo Mayi Teleza akubwera kunyumba chimanjamanja. Akapita kumaliro ku Khonjeni amabwerako ndi mitengo ya chinangwa yokabzala. Akapita kuchipatala amabwerako ndi mtolo wa nkhuni pamutu, mapilitsi atawamangirira kunsonga kwa chitenje. Ulendo wina anapita ku ofesi kukadandaula kuti kapitawo akuwapatsa mzere wa pamtsetse tsiku ndi tsiku. Mlanduwo anagonja, koma anatulukamo ndi thumba la feteleza lopanda kanthu, limene mpaka lero ndilo chitseko cha bafa lawo.

"Ndiyende mtunda wonsewo n'kubwera ndikugwedeza manja ngati wapolisi wa pamsewu?" amatero ukawafunsa.

Anabadwira ku Masambanjati, kwa makolo amene agogo awo anachita kuwoloka Ruo wapansi. Tiyi anayamba kutchola ali mtsikana wosakwatiwa, ndipo atchola zaka makumi atatu ndi zinayi. Amene simunatcholepo musamaone kubiriwira kwa mindayi pa kalendala n'kumati ndi pabwalo la mpira. Ndi zitunda zokhazokha. Munthu umakwera ndi kutsika kuyambira mame asanaume, dengu lili kumsana, mpaka miyendo imasanduka mitengo ya bulugamu. Zala za Mayi Teleza nazo zinaiwala kupuma. Akadutsa pa mpanda wa maluwa wa kunyumba ya abusa, umangoona timasamba tiwiri ndi kamphukira tili m'manja, eni ake osadziwa n'komwe. Amayi abusa anafika posiya kudulira mpandawo.

Amuna awo anali a Edson, koma komboni yonse inkawatcha a Chabwino. Denga likudontha: "Chabwino." Mwana alibe yunifolomu: "Chabwino." Musamwenso lero: "Chabwino, chabwino." Sanawakanirepo akazi awo kanthu ngakhale kamodzi, ndipo sanachitepo kanthu ngakhale kamodzi. Tsiku lina Loweruka anati akupita ku Luchenza kukagula misomali ya denga lija. Patha zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Amene amapita kukagula nyemba kutsidya kwa Ruo amati anawaona ali pakhonde la mayi wina, akuvomerabe.

Ana awiri aakazi Mayi Teleza analera okha ndi dengu lomwelo. Wamkulu anakwatiwa ku Nchilamwela. Wamng'ono, Tisungane, anaphunzira mpaka kukhala namwino ku Limbe, ndipo ndi iyeyu anatibweretsera nkhani imene tatopa nayo kuimva koma sititopa kuinena.

Tisungane anabwera ndi mnyamata. Dzina lake Kingsley, mphunzitsi wa jogalafe pa sekondale ina mu Blantyre, wobadwira ndi kukulira ku Chilomoni. Samwa, sasuta, amavula chipewa ngakhale polonjera mbuzi. Ife tinati apa Tisungane watola. Koma Mayi Teleza, ali pa mkeka akusenda chinangwa cha makaka, anafunsa funso limodzi lokha.

"Loweruka umatani?"

"Ndimakwera mapiri, mayi."

"Uli ndi munda kumeneko?"

"Ayi, timangokwera ndi anzanga. Makamaka ku Mulanje. Timakaona miyala."

"Yogulitsa?"

"Ayi, yongoona."

"Ukaiona?"

"Timatsika."

Mpeni unaima. Mayi Teleza anamuyang'ana mnyamatayo m'maso, nthawi yaitali, kenako anadzuka, namuthirira tiyi, namupatsa kapuyo m'manja.

"Imwa, iwe Kingsley."

Ife amene tinali kuseri kwa mpanda, poti tinangopezeka kuti tikuyanika zovala pomwepo, tinagwira pakamwa. Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana m'maso. Akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Sadyera pamodzi, satchulana maina koma aliyense amangomutcha mnzake apongozi, ndipo mawu amadzera mwa munthu wina ngakhale onse ali pabwalo limodzi. Mabanja ambiri anazisiya izi, koma osati Mayi Teleza. Mwamuna wa mwana wawo wamkulu uja, m'zaka zisanu ndi ziwiri, amangodziwa msana wawo. Atakumana nawo pamsika wa Bvumbwe akhoza kuwatsatsa tomato. Ndiye munthu akakuyang'ana m'maso chonchija, n'kukupatsa kapu m'manja, n'kukutcha iwe ndi dzina lako, wakuuza kuti ndiwe mlendo wongodutsa.

Kingsley anabwerera ku Blantyre mtima uli mbee. Ankauza aliyense kuti mayi ake a Tisungane ndi munthu womasuka kwabasi, amukonda tsiku loyamba lomwe. Tisungane, poopa kumufooketsa, anangoti eya.

Akwawo a mnyamata anatumiza mawu kawiri kufunsa tsiku la chinkhoswe. Woyenera kuyankha anali a Raphael, mlongo wawo wa Mayi Teleza, amene anayendetsa thirakitala pa esiteti mpaka mimba inayamba kulimbana ndi chiwongolero. Pamwambo, amalume ndiwo amagamula. Pa komboni yathu ngakhale nkhuku zimadziwa kuti a Raphael amagamula zimene auzidwa. Kawiri konseko anayankha kuti abale akukambirana.

"Achemwali, anthu aja atopa," anatero tsiku lina. "Ndiwauze chiyani? Mwanayu akukula."

"Muwauze kuti mwamuna wokwera phiri n'kutsika chimanjamanja ine ndinakhala naye kale. Uja ankapita ku Luchenza kokha. Nanga uyu wa Mulanje?"

Tisungane analira, anakwiya, anasiya kuimba foni sabata ziwiri. Kenako anatumiza uthenga kuti mwezi wa Julaye ukatha opanda yankho, iwo akalembetsa ukwati kwa DC, ndipo kumudzi adzangomva. Mayi Teleza anaumva uthengawo ali chiimire, n'kumanga chitenje kawiri.

"Chabwino sindinena. Koma miyala imeneyo ndikaione ndekha. Achimwene, konzekani."

"Ine ndalakwa chiyani?" anatero a Raphael.

Loweruka lotsatira, kukuzizira kwa Julaye, anakwera minibasi ya mbandakucha kudzera ku Luchenza mpaka ku Chitakale, kenako kabaza mpaka ku Likhubula, patsinde pa phiri. Kingsley anali atawadikira kale ndi Tisungane. Anavala nsapato zazikulu ngati za msilikali, chikwama chokhala ndi kapaipi koyamwira madzi, ndi ndodo ziwiri zachitsulo. Mayi Teleza anavala nsapato zawo za sofiya za kumunda, juzi ya tchalitchi, ndi chidebe cha nyemba za kalongonda zophika pamutu.

"Ndodozo wathyoka pati?"

"Zimathandiza mawondo, mayi. Ndakutengerani zanu, amalume nawo ndawapatsa kale zawo."

"Zanganso upatse amalume akowo."

Njira yopita ku Chambe imayamba mofatsa ngati kapitawo watsopano, kenako imaimirira. Kingsley anawalangiza kuti aziyenda pang'onopang'ono, azipuma pafupipafupi, asachite manyazi akatopa. Anamaliza malangizowo akulankhula ndi msana. Mayi Teleza anali atapita. Ankakwera ngati akuthamangira mzere wabwino m'mawa wa Lolemba, chidebe chili phee pamutu, dzanja lamanja likutchola nsonga za tchire la m'mbali mwa njira. Akafika pa mwala waukulu ankakhala pansi kudikira, ndipo anthu akangotulukira ali wefuwefu, iwo ankadzuka.

"Mwapuma? Tiyeni."

"Achemwali, ifetu sitinakhale n'komwe!"

"Ndakupumirani ine."

Anakumana ndi amayi atatu akutsika ndi mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni. Mayi Teleza anawalonjera ndi ulemu wonse, mpaka kugwira bondo.

"Inu ndiye anthu. Ife tikupita kukaona miyala."

"Yatani miyalayo?" anafunsa mmodzi.

"Funsani aphunzitsiwo. Ine ndaperekeza."

Chimene chinawapsetsa mtima kwambiri chinali thumba. Kingsley anali ndi thumba la saka lomangirira kuchikwama, ndipo akaona botolo la pulasitiki, pepala la bisiketi kapena kachitini kotayidwa, ankawerama n'kutola. Munthu wa digiri, thukuta lili kamukamu, akutola zinyalala za anthu osawadziwa.

"Tisungane, mnzakoyu kusukulu kwawo amawalipira?"

"Amayi, chonde."

"Ndangofunsa. Nkhuni wazidutsa, bowa akanakhalapo akanamudutsa. Koma botolo la Fanta, mawondo pansi."

Pofika ora lachiwiri a Raphael anali atatheratu. Ankangoyenda ndi ndodo zinayi, zawo ndi za mlongo wawo, ngati kachilombo kovulala. Pena anaima n'kuyang'ana kumbuyo, kumene minda ya tiyi inkaoneka pansi patali ngati mabulangete obiriwira oyanikidwa, ndipo anati akuona thirakitala. Panalibe thirakitala. Unali mtima chabe.

Dzuwa lili pamutu anatulukira pamwamba. Phiri lija timaliona tsiku lililonse kuchokera ku Thyolo ngati khoma, pamwamba pake pali dziko lina: chidikha cha udzu wofiirira, timitsinje tozizira toti mano kuwawa, mphepo yopanda ulemu. Kutsogolo kwawo kunaima Chambe, mwala umodzi wokha kuchokera pansi mpaka kumitambo, wosalala, wa mizere yakuda ngati wina anathirapo madzi a makala. M'munsi mwake munali miyala ina yobulungira, ina yosanjikizana ngati inaikidwa ndi manja, ina yong'ambika pakati ngati papaya.

Kingsley anavula chipewa. Nkhope yake inasintha, anakhala ngati mwana woona galimoto koyamba.

"Mayi, zonsezi kalekale zinali pansi pa nthaka. Unali mwala wosungunuka ndi moto, ngati phala. Unakwera kufuna kutuluka, koma sunabowole, unazizirira momwemo pang'onopang'ono. Ndiye mvula ndi mphepo zinakokolola dothi lonse la pamwamba kwa zaka mamiliyoni, n'kutsala cholimba chokhachi. Gwirani apa, muone timaso tonyezimirati. Tikakhala tatikulu chonchi ndiye kuti phalalo linazizira mosafulumira."

Mayi Teleza anagwira. Anayang'ana m'mwamba mpaka mpango unatsala pang'ono kugwa. 

"Ndiye kuti phala linapita, kunatsala zouma."

"Tingatero, mayi."

"Achimwene, mwamva? Tadzuka usiku, takwera galimoto ziwiri, mwatsala pang'ono kufa panjira, kudzaona nkhoko za mumphika."

Anakhala pansi pa mtsinje n'kudya kalongonda. Mayi Teleza anamugawira Kingsley ndi dzanja lawo, akumuyang'ana m'maso, mnyamatayo n'kumathokoza kuti akukondedwa. Tisungane anangoyang'ana kumbali.

Atatha kudya, Mayi Teleza anapita kukatsuka chidebe, ndipo kumeneko ndi kumene anauona. Mwala wophwatalala, wautali ngati mkono, pakati pake polowa pang'ono, wosalala ngati anthu apererapo zaka zana. Pambali pake, ngati wina anachita kuika, panali kena kobulungira kokwana m'manja. Mphero ndi mwana wake. Anagwada, anayesa kupera mchenga, ndipo mawu amene anatuluka anawafika pamtima.

"Ulendo uja wapezeka mutu wake. Iwe Kingsley, tabwera. Senza uwu. Ukhoza kupera mawere a thobwa la anthu ambiri ndithu."

Tisungane anadzuka ngati walumidwa ndi linthumbu. Thobwa la anthu ambiri pa nyumba ya Mayi Teleza likanakhala la chiyani, kupatula chinkhoswe? A Raphael nawo anatsegula diso limodzi pamene anagona.

"Nyamula," ananong'ona Tisungane. "Usafunse. Nyamula."

Kingsley anauyang'ana mwalawo, nayang'ana Tisungane. Kenako anakhala pansi pa udzu, manja pamodzi.

"Mayi, pepani. Uwu sindinyamula."

Mayi Teleza anamuyang'ana.

"Walemera?"

"Ayi. Chidebe ndisenza, amalume akalephera ndiwabereka. Mphero ndikakufunirani kwa osema, ndidzabwera nayo pamutu kuchokera pa siteji mpaka pakhomo panu. Koma m'phiri muno ife sitichotsamo kanthu. Ana anga a Fomu 3 ndimawalanda ngakhale kamwala ka m'thumba. Mwezi wamawa ndikubwera nawo pompano."

"Anawo ali pano?"

"Palibe."

"Ndiye akuona ndani?"

"Kingsley, ndakupempha," anatero Tisungane, misozi ili lengelenge.

"Aphunzitsi," anatero a Raphael ali chigonere, "miyala yadzaza phiri lonseli. Umodzi wokha boma silingawerenge. Vomerani, tizipita, ine miyendo yayamba kuuma."

Kingsley anapukuta thukuta, ngakhale kunkazizira.

"Ndikhoza kunena kuti chabwino, mayi, n'kuusenza, n'kukaugwetsera dala pa khona loyamba, n'kunamizira kuti waterereka. Mukanandikhululukira. Koma sindinena chabwino pa chinthu chimene sindichita."

Mnyamatayo za a Edson sankazidziwa. Tisungane sanamuuzepo dzina la pa komboni la bambo ake. A Raphael anatsegula diso lachiwiri.

Mayi Teleza anadzuka, anasasa mchenga pa chitenje, anaika chidebe chopanda kanthu pamutu, n'kuyamba kutsika. Ulendo uno sanadikire munthu pa mwala uliwonse.

Kutsikako kunali ngati kochokera kumanda. Tisungane ankayenda patsogolo osatembenuka. Kingsley ankabwera pambuyo ndi thumba lake la zinyalala likulira kwatsakwatsa, ndipo ngakhale pamenepo, munthu wosamva uyu, anawerama kawiri kutola mabotolo.

"Ukwati wa mwana wa mlongo wanga wathera mwala," ankadandaula a Raphael. "Mwala! Anzanu amakanidwa chifukwa cha mowa, cha akazi, zinthu zomveka. Ine ndikawauza chiyani anthu?"

Atatsala pang'ono kufika ku Likhubula, kumene mpweya umayamba kutentha, njira imapapatiza pakati pa mwala ndi zitsamba. Kingsley, amene tsopano anali atadutsa anzake pofuna kukapepesa, anakhota pakona n'kungoti gululu ndi Mayi Teleza. Anali ataima pakati pa njira akumanga lamba la sofiya limene linaduka. Anadzutsa mutu. Maso anatsala pang'ono kukumana.

Mayi wa zaka makumi asanu ndi ziwiri analumpha ngati gwape. Chidebe uko, sofiya uko, iwo ali m'tchire, msana kunjira, chitenje chapamwamba atafunda kumutu.

"Mayi! Mayi, pepani, tamverani!" Kingsley anaponya ndodo n'kuwatsatira.

Mayi Teleza analowa mkati.

"Mayi, ndikabwerera mawa, tikakambirane, musandithawe chonchi!"

Analowanso mkati, tchire likuthyoka.

Tisungane atafika pakonapo n'kuona zimenezi, anakuwa mawu amene anamveka mpaka kumtsinje.

"Kingsley! Bwerera! Usawayang'ane! Tembenuka, yang'ana phiri!"

"Akwiya, Tisu. Sakufunanso n'kundiona komwe. Zatha basi."

A Raphael anafika pomaliza, anaona msana wa mlongo wawo uli m'zitsamba, anaona mphunzitsi ali pafupi kulira, ndipo anakhala pansi pakati pa njira n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Aphunzitsi, miyala ya zaka mamiliyoni mumaidziwa, koma izi ayi? Tsiku lija anakupatsani tiyi m'manja munkasekerera, pamene ankakuthamangitsani. Lero akulandirani, mukulira. Chokani panjira, apongozi anu adutse!"

Zinatenga nthawi kuti zimulowe. Tisungane anachita kumugwira mapewa, kumutembenuza, n'kumukankhira kuseri kwa mwala ngati mbuzi yokana khola.

M'tchire muja munatuluka mawu, otsika, aulemu, amene komboni yathu sinawamvepo kukamwa kumeneko.

"Tisungane."

"Amayi."

"Uwauze apongoziwo kuti atsogole. Atalikire ndithu. Asacheuke."

"Amva, amayi."

"Uwauzenso kuti mabotolo ali m'thumbamo asataye. Akatsukidwa bwino alowa thobwa."

"Amva."

"Ndipo iwe bwera kuno msanga. Ndalowa m'chitedze."

Amene chitedze chinakugwiranipo mukudziwa. Ubweya wake ukakhudza khungu, ngakhale bishopu amavina. Koma Mayi Teleza sakanadzikanda mkamwini ali pafupi. Anayenda mtunda wotsalawo ali chiwongokere ngati msilikali, mano ali gwa, misozi ikutsika, akufunsa mwana wawo pang'onopang'ono ngati apongozi akhota kale. Atangomva kuti akhota, akuti anadzikhula ku mtengo wa msuku mpaka makungwa anasupuka. Pa minibasi anakana kukwera imodzi ndi Kingsley. Mnyamatayo anadikira ina pa Chitakale maola awiri, yekha, ndi thumba la zinyalala, akumwetulira ngati wopenga.

Chinkhoswe chinachitika mu Seputembala. Thobwa linali m'mabotolo a Fanta, a madzi, ndi limodzi la mankhwala a chifuwa. Mphero anabwera nayo Kingsley monga ananenera, pamutu, kuchokera pa siteji, komboni yonse ikuonerera, ndipo anaitula pakhomo popanda womulandira chifukwa mwini nyumba anali atathawira kuseri kwa bafa. Mayi Teleza amati mpheroyo ndi yabwino, koma siifika pa ija.

Tsopano Kingsley amadandaula kuti amawasowa. Akuti kale ankacheza nawo, pano amangoona mpango ukulowa m'munda wa tiyi. A Raphael anamuuza kuti akafuna macheza akhoza kuthetsa ukwati.

Kuphiri Kingsley amapitabe Loweruka lililonse. Ndipo Lachisanu madzulo foni ya Tisungane imalira.

"Uwauze apongozi akafika pa mtsinje paja akaone ngati mwala wanga ulipo. Asaunyamule, ndamva, ndamva. Angoona basi. Anthu a masiku ano ndi akuba."